Zikhadabo Zinayi za Pancha

1

Ine ndine Nube Guamán, ntchito yanga ndi yozokota zitsulo. Ngati muli m'gulu la anthu aja amene amasunga ndalama zasiliva m'timabokosi osagulira ngakhale mchere, mwina muli nayo ndalama ya chimbalangondo cha zikhadabo zinayi. Inatuluka m'manja mwangamu. Osunga ndalamawo amati wozokota anaiwala kuwerenga, ine n'kumasekerera nawo. Ndatopa nako kusekererako, lero ndinene zoona.

Zinayamba Lolemba lina a Telmo Orellana atandiitanira kuseri kwa shopu yawo ku Chordeleg. A Telmo ndi amene anandiphunzitsa ntchito ndili kamtsikana. Ndi munthu wamfupi, wonunkha fodya, ndipo ukaona angokhala chete osakutukwana ndiye kuti wakhoza.

"Iwe Nube, siya ndolozo," anatero. "Bungwe loteteza nyama la chibwenzi chako lija likufuna ndalama yachikumbutso. Mazana asanu okha, siliva weniweni, iliyonse ndi nambala yake. Tikamaliza kudinda, chidindo tichiwononga anthu akuona kuti pasadzatulukenso ina. Zimene apeze pogulitsa zipita kwa zimbalangondo."

"Azokote ndani?"

"Maso anga anatha kalekale, ukufuna ndiwazokotere mbuzi? Uzokota ndiwe."

Ndinamva kukoma mpaka kuzala zakumapazi. Zaka zonsezi ndinali wa ndolo ndi mphete za anthu, lero ndalama yathunthu.

"Koma sakufuna chimbalangondo wamba," anawonjezera akufunafuna machesi. "Akufuna chija chinasowa, chimene mnzakoyo amachilirabe. Pancha."

Mbano imene inali m'manja mwanga inagwa pansi. A Telmo anandiyang'ana, n'kunena kuti ndikayamba kugwetsa zida ndisanayambe n'komwe ntchito, bola aitane mwana wa mlongo wawo.

2

Chibwenzi changacho anali Efraín Zhunio, mlonda wa nkhalango za kumapiri kwathu. Zimbalangondo ankazidziwa monga mphunzitsi adziwira ana a m'kalasi mwake. Chilichonse chili ndi mizere yoyera yozungulira maso ngati mandala, ndipo palibe ziwiri zofanana kuyambira pobadwa mpaka kukalamba. Makamera ake omangirira m'mitengo akajambula, iye ankangoyang'ana kamodzi n'kutchula dzina. Pancha ndiye anali wapamtima. Ankamutchula ngati munthu, mpaka inenso ndinazolowera.

Chithunzi chomaliza cha Pancha chinamuonetsa ali ndi kamwana pambuyo. Kenako zii. Efraín anayamba kuyenda khomo ndi khomo ndi chithunzicho, ndipo ndi mmene anafikira kwathu, kumtunda kwa Sígsig. Nthawi imeneyo bambo anga, a Aurelio, anali atagwa pahatchi n'kuthyoka mwendo, ine n'kupempha tchuthi kuti ndikawasamale, poti mayi anatisiya kale.

"Zikomo kuno. Mwina mwachionako chimbalangondo ichi?"

Bambo anali pakhonde, ndodo zawo ziwiri atazitsamiritsa pakhoma. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Ine ndi mwendo uwu ndichionera kuti? Ngakhale kuchimbudzi amachita kundinyamula."

"Nanga achemwali?"

"Ine ndine wa m'tauni," ndinatero. "Ndingasiyanitse chimbalangondo ndi nkhumba?"

Anaseka, ndipo anali ndi kuseka kwina kwake kotseka maso. Ndinamupatsa chimanga chophika ndi tchizi. Anabweranso sabata yotsatira, kenako inzake, ndipo ulendo wachinayi chithunzi chija anachiiwala m'thumba. Patatha zaka zitatu anabwera ndi amalume ake, botolo la kachasu ndi mbira zowotcha zisanu kudzandipempha kwa bambo. Ukwati tinaukonza wa mu Disembala.

Koma Pancha sanamuiwale. Loweruka lililonse ankakwera phiri kukaona makamera ake, ine n'kumumangira chakudya m'kansalu. Pomupatsa ndinkanena mawu omwewo: "Pita bwino, mwina lero umupeza."

Ine ndinkadziwa kumene Pancha anali. Anali kudenga kwa nyumba ya bambo, pamwamba pa tebulo lomwe Efraín ankadyerapo, m'thumba la feteleza, chikopa chake chitapakidwa mchere. Mtembo unakwiriridwa mozama kuseri kwa khola, koma bambo anga chibadwire sanatayepo chikopa, ngakhale cha mbira.

3

Ndalama imayamba ndi dongo. Umaumba chithunzi chachikulu ngati mbale, kenako n'kuchichepetsera pachitsulo. Efraín anandibweretsera zithunzi zonse za Pancha, ndipo ndinagwira sabata zitatu ndisakudya bwino, ndisakukhazikika, kudzuka kukhala, kudzuka kukhala. Nditamaliza ndinakawaonetsa a Telmo.

Anavala kagalasi kawo kokulitsira zinthu, n'kuyang'ana mbali iyi, mbali iyo.

"Galu uyu wavala mandala a ndani?"

"Si galu, a Telmo."

"Ndiye ndi chiyani? Ubweya uwu ndi wa bulashi yopolishira nsapato. Anthu amene agule ndalama imeneyi amagona ndi kagalasi m'manja, adzatiseka mpaka ku Quito. Ndinakuphunzitsa chiyani tsiku loyamba?"

"Ndisamazokote chinthu chimene sindinachikhudze."

"Ndiye pita ukakhudze. Kaya kumalo osungira nyama, kaya kuti, zako zimenezo. Lachisanu la sabata yamawa ndikufuna chimbalangondo."

Ndikanatha kukwera basi kupita kumalo osungira nyama. Ndinafika mpaka padepoti, tikiti ili m'manja. Koma kumeneko ndikanakhudza chimbalangondo china, pomwe ine ndinkafuna Efraín akayang'ana ndalamayo aone Pancha weniweni. Ndinkadzinamiza kuti ndikumubwezera kenakake. Ndinakwera basi ya ku Sígsig.

Bambo anandipeza ndili pamakwerero.

"Ukufuna chiyani kumeneko?"

"Ndikufuna ndimuone."

"Tsika, mwana wanga. Zinthu zinagona zisiye zigone. Kwatsala miyezi inayi kuti uvale zoyera."

"Masiku awiri okha, ababa. Palibe adziwe."

Anapukusa mutu n'kupita kukakhala panja ngati mlonda. Ine ndinatseka chitseko cha khitchini, n'kuyala chikopacho pathumba la ubweya wa nkhosa kuti chitukuke ngati chamoyo. Mutu unalipo, mapazi analipo ndi zikhadabo zake. Kenako ndinatenga dongo. A Telmo anatiphunzitsa kuti dzanja lisamafunse mutu, lizingotsanzira chimene chili patsogolo pake. Ndinamuumba Pancha ataimirira, phazi lakutsogolo lakumanja litagwira nthambi. Mutu wanga unali kutali, ukuthawa, ndipo zala zinkagwira ntchito zokha. Sindinawerenge kalikonse.

Lachisanu lija a Telmo anayang'ana dongolo mphindi zambiri ndithu. Sananene kanthu, anangopita kukasuta.

4

Tinadinda ndalama zonse mazana asanu sabata ziwiri, titavala magolovesi oyera, chifukwa chala chikangokhudza siliva wotere chidindo chake sichichoka. Yoyamba, ya nambala wani, bungwe linati ipite kwa Efraín. Atatsegula kabokosi anakhala pampando osakonzekera.

"Ndi iyeyu," anatero. "Nube, wamubweza."

Anandikumbatira pamaso pa anthu. Ndinadziuza kuti zatha, ndapulumuka, ndipo Disembala afika.

Mwambo wowononga chidindo unachitika Loweruka masana pabwalo la shopu. Kunali oimba, mbira zowotcha, akuluakulu a bungwe, ndi osunga ndalama ochokera kutali, aliyense kagalasi kali lende pakhosi. A Telmo anandipatsa ulemu woti ndichiwononge ndine. Ndinadula mizere iwiri yopingasa pankhope ya Pancha, anthu n'kuwomba m'manja.

M'manja musanazizire, kunamveka mawu a a Fausto Icaza, dokotala wa mano wa ku Guayaquil, munthu wamimba yake amene anali atagula zitatu.

"Bwana Telmo, zimbalangondo za kuno zimakhala ndi zikhadabo zingati?"

"Zisanu, ngati zala zanu zozulira anthu manozo."

"Ndiye ichi chikhadabo china chinakasiya kwa ndani? Phazi ili pali zinayi."

Aliyense anatulutsa kagalasi. Kenako phwete, bwalo lonse kuseka. A Fausto anachita kuvina, akuti ndalama yolakwika chidindo chake chitawonongedwa kale ndi chuma, ndipo akufuna khumi zina pompano. A Telmo makutu anafiira. Ine ndinaseka nawo, ndikuganiza kuti ndangochita manyazi a ntchito basi.

Efraín yekha sanaseke. Anabwereka kagalasi, n'kuyang'ana ndalama yake nthawi yaitali, kenako anandigwira pachigongono kunditengera kuseri kumene timasungunulira siliva.

"Phazi la Pancha unaliona kuti?"

"Pa zithunzi zako, nanga kuti?"

"Zithunzi zanga zonse mapazi ali m'udzu. Ndaziyang'ana zaka zitatu, ndikuzidziwa kuposa nkhope ya mayi anga."

"Ndiye ndinangolakwitsa, Efraín. Wamva anthu akusekamu."

"Tamvera. Pancha ndinamupeza ali wamng'ono atakodwa mumsampha wa waya. Chala chachiwiri cha phazi lakumanja chinali chitawola, dokotala wa ziweto anachidula ine nditagwira mwendo. Dokotalayo anamwalira. Sindinauzepo munthu, ngakhale iwe, kuti aliyense wobwera ndi bodza loti wamuona ndizimufunsa za mapazi." Anandiyandikizira ndalamayo kumaso. "Pa zala makumi awiri, iwe walakwitsa chomwecho? Mpaka kachipsera kake?"

Iye anayang'ana kumapiri, ndipo ndinaona kuti wayamba kuwerengera masiku awiri aja amene ndinati ndapita kukaona bambo.

"Kwera njinga," anatero.

5

Ulendo wonse wa ku Sígsig sitinalankhulane. Ndinali nditamugwira m'chiuno pa njinga yamoto, koma zinali ngati ndagwira mtengo. M'mutu mwanga ndinkapanga mabodza n'kumawagwetsa, lina kupanga, lina kugwetsa.

Tinawapeza bambo akudyetsa mbira. Efraín anavula chipewa, monga ankachitira nthawi zonse.

"Bambo, pepani kubwera osadziwitsa. Ndabwera kudzatenga Pancha."

Bambo anandiyang'ana ine, kenako iye. Sanafunse kuti Pancha ndani. Anapukuta manja pathalauza, anakoka makwerero, n'kutsitsa thumba lija okha. Efraín anagwada, analimasula, n'kuyamba wagwira nkhope. Kenako anatenga phazi lakumanja n'kuwerenga ndi chala chake, kamodzi, kawiri. Sanalire, ndipo bola akanalira.

"Ndine, apongozi," anatero bambo. "Chinkandithera chimanga, ndinachiwombera. Mwanayu anangochipeza kudengaku, sakudziwa kanthu."

"Mukudziwa kuti umenewu ndi mlandu wa ndende, bambo? Ine sindingabise."

"Ndikudziwa. Ndidikireni nditenge chipewa chabwino."

Apa ndiye pamene ndimachita napo manyazi kuposa pena paliponse. Ndinakhala chete. Abale inu, bambo anga a zaka makumi asanu ndi awiri anali kufunafuna chipewa chopitira kundende, ine nditaima pakhomo ndikuganiza za diresi langa limene linali kwa telala. Ndinkati mwina akawachitira chifundo poona ukalamba, mwina Efraín andikhululukira zobisa chikopa, mwina Disembala afikabe.

Bambo anatuluka atavala chipewa ndi jekete la kutchalitchi. Efraín anali akadali chogwada, koma maso ake anali pakhonde, pakhoma paja.

"Bambo, chithunzi chomaliza cha Pancha chinali cha kumayambiriro kwa Epulo. Ine ndinafika pano sabata ziwiri pambuyo pake. Munali apa ndi ndodo ziwiri, n'kundiuza kuti ngakhale kuchimbudzi amachita kukunyamulani." Anadzuka pang'onopang'ono. "Kumunda kuja, chitunda chonse chija, anakunyamulani ndani?"

"Ndinakwawa."

"Ndi mfuti?"

"Ababa, vulani chipewacho," ndinatero. Mawu anatuluka okha. "Ndine, Efraín. Ndinamuwombera ndine."

Ndinamuuza zonse nditaima pomwepo. Unali m'mawa wa nkhungu, ndinapita kumunda ndi mfuti ya bambo kukaopseza mbalame. Ndinapeza mbali yonse ya kumtunda itagwetsedwa, chimanga chimene ndinapalira ndekha bambo ali chigonere. Pancha anali pakati pake. Ndikanatha kunama kuti anandithamangitsa, koma ayi. Anali atakhala pansi, akusenda chimanga ndi manja awiri ngati munthu. Ndinali wotopa, ndinali wokwiya, ndipo ndinawombera kamodzi. Kenako ndinamukoka ndi hatchi mpaka pakhomo, bambo n'kumusenda atakhala pampando, akulira ndi mantha chifukwa cha ine.

"Nanga mwana?" anafunsa Efraín.

"Ndinamuona nditawombera kale. Anathawira m'tchire."

"Kenako?"

"Analira masiku awiri. Ndinkamumva ndili kumunda. Tsiku lachitatu sindinamumvenso."

Anapinda chikopacho bwinobwino, ubweya m'kati, n'kuchibwezera m'thumba.

"Kuwomberako ndikanakumvetsa," anatero motsitsa mawu. "Ndaona alimi ambiri atapsa mtima, ena ndi anzanga mpaka lero. Ukanandiuza tsiku loyamba lija, ndikanathamangira m'tchiremo, mwina mwanayo ndikanamupeza. Koma Loweruka lililonse, Nube? Zaka zitatu ukundimangira chakudya n'kumandiuza kuti mwina lero ndimupeza?"

Anamangirira thumbalo kumbuyo kwa njinga, pamalo pamene ndinakhala pobwera, anatsazika bambo mwaulemu, n'kutsika phiri.

6

Lolemba ndinakadzinenera ndekha kupolisi, Efraín asanalembe kalikonse. Woweruza sananditsekere. Anandilamula kudzala mitengo m'mphepete mwa nkhalango kwa zaka ziwiri, Loweruka lililonse, ngati kuti wina anamunong'oneza tsiku loyenera. Diresi lija telala anagulitsa kwa mtsikana wina wa ku Gualaceo, ndipo ndinamva kuti linamukhala.

A Telmo sanandichotse ntchito. Nditawafotokozera anati, "Dzanja lakolo ndi loona kuposa mwini wake. Bwerera ku ndolo." Bungwe silinafune kuti nkhaniyi ifike kwa ogula, ndiye osunga ndalama anatsala ndi nkhani yawo ya wozokota wosadziwa kuwerenga. Ndalama zonse mazana asanu zija zinagulidwa mwezi umodzi, ndipo lero amazisaka ndi maso ofiira. Zimene bungwe linapeza linagulira makamera ena ndi waya wotchingira minda ya alimi, kuphatikizapo wa bambo. Nthawi zina ndimaseka ndekha ndikaganiza zimenezi, koma kusekako sikukoma.

Efraín anapempha kuti amusamutsire kumapiri a ku Loja. Ndinamva kuti anakwatira namwino. Ndinkamufunabe, ndinene mosabisa, ndipo basi ya ku Loja ikamadutsa ndimadzukabe pampando kukasuzumira pawindo ngati chitsiru.

Mwezi watha kunabwera envulopu kushopu, yopanda dzina la wotumiza. Munali zithunzi ziwiri. China chinali chija chomaliza cha Pancha, kamwana kaja katazunguliridwa ndi cholembera chofiira. Chinacho chinali chatsopano, chojambulidwa ndi imodzi mwa makamera ogulidwa ndi ndalama zija: chimbalangondo chachimuna, chachikulu, chonenepa, chikuwoloka kamtsinje dzuwa likuswa mtengo. Ndinatenga kagalasi. Mzere wa diso lakumanzere unali wosatseka, wa kumanja wotsikira kukhosi, chimodzimodzi pa zithunzi zonse ziwiri. Kuseri kunali kulemba kwa Efraín, kopendekera kuja: "Mwana wa Pancha. Ali moyo. Usayankhe."

Ndinalira mpaka a Telmo anatseka shopu nthawi isanakwane.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso muli ndi thumba lanu kudenga. Sindikuuzani kuti mulitsitse lero, poti ine ndemwe sindinalitsitse mwakufuna kwanga, linachita kunditsitsira ndi dzanja langa lomwe. Ndingokuuzani zimene ndinaona. Mfuti ndinawombera kamodzi, ndili wotopa komanso wokwiya, ndipo munthu uja akanandikhululukira. Chimene sanathe kumeza ndi kamawu kabwino kaja ka Loweruka, kamene ndinkanena ndikumwetulira, ndikudziwa, sabata ndi sabata. Ngati pali munthu amene mukumumangira chakudya kuti azikasaka chinthu chimene inu mukudziwa kumene chili, ganizani za ine musanamange mfundo yomaliza.

Ndipo ngati muli nayo ndalama ija, itulutseni m'kabokosi, muvale magolovesi, muwerenge zikhadabo. Palibe cholakwika pamenepo, Pancha anali choncho.

Efraín anati ndisayankhe, ndipo ndamvera. N'chifukwa chake ndalembera inu.